Munthu Wakumutu: Ntchito ya Anamwino Ogonetsa Odwala pa Opaleshoni

Munthu akatuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni, odzazonda amafunsa kuti, "Anakung'ambani adokotala ati?" Dzina la dokotalayo limamveka mudzi wonse, ndipo ngati inali siza, nthawi zina mwanayo amatengera dzina lomwelo. Simudzamva wina akufunsa kuti anakugonetsani ndani. Ngakhale mwini wakeyo sakumbuka. Amangokumbukira mawu a munthu wina amene anaima kumutu kwake, kukamwa ataphimba, akumuuza kuti akoke mpweya kwambiri. Kenako anadzidzimuka ali pabedi lina, pamimba pali bandeji.

Munthu wakumutuyo ndi amene anasunga moyo wake nthawi yonse imene dokotala anali kalikiliki ndi mpeni. M'zipatala zina amakhala dokotala amene anaphunzira mwapadera za kugonetsa odwala. Koma ku United States, makamaka m'zipatala zakumidzi, kawirikawiri amakhala namwino wotchedwa nurse anesthetist, kapena CRNA mwachidule. Bungwe la anamwinowa limanena kuti iwo amagonetsa odwala maulendo oposa 50 miliyoni chaka chilichonse m'dzikolo. Kuno kwathu ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa ma clinical officer, ndipo tifikako. Poyamba tione kuti kugonetsa n'kutani kwenikweni, chifukwa liwuli limanamiza.

Si tulo ayi

Munthu wogona tulo amapuma yekha, amatembenuka dzanja likachita dzanzi, amatsokomola malovu akalowera kolakwika, ndipo mukamutsina amadzuka. Wogonetsedwa ndi mankhwala sachita zambiri mwa izi. Mankhwala amene amabayidwa mumtsempha, monga propofol kapena thiopentone, amazimitsa ubongo pasanathe mphindi imodzi. Ena amachita kupumidwa, monga halothane ndi isoflurane, ndipo ndi amene amamusunga munthuyo ali chikomokere. Palinso oletsa ululu, monga morphine, pethidine ndi fentanyl, pakuti thupi limamva kucheka ngakhale mwini wake atakomoka: mtima umathamanga, BP imakwera. Ndiyeno pali gulu lina, loopsa kuposa onse, la mankhwala olefula minofu monga suxamethonium. Dokotala wong'amba pamimba amafuna minofu ikhale yofewa kuti manja alowe bwino. Vuto ndi lakuti minofu imene timapumira nayonso imalefuka. Munthu amasiyiratu kupuma.

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Wogonetsa amaimitsa dala kupuma kwa munthu, kenako n'kuyamba kumupumira. Amatsegula kukamwa ndi chipangizo chokhala ndi kagetsi kumapeto, amayang'ana polowera mpweya, n'kulowetsa chubu m'kholingo. Chubucho chikaphonya n'kulowa kummero kodutsa chakudya, mpweya wonse umapita m'mimba, ndipo ngati iye sazindikira msanga, ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi zinayi kapena zisanu. Anthu ena ali ndi khosi lalifupi, ena chotupa cha pakhosi, ena sangathe kuyasamula mokwanira, ndipo amayi oyembekezera njira yawo ya mpweya imakhala yotupirako. Nchifukwa chake wogonetsa akabwera kuwodi amakuuzani kuti muyasamule ndi kutulutsa lilime. Sakuyang'ana mano ngati munatsuka, akuyeza ngati chubu chidzalowe.

Opaleshoni ikayamba, maso ake amakhala pa zinthu zingapo nthawi imodzi: kugunda kwa mtima, BP, kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, kutentha kwa thupi, mkodzo umene ukutuluka, ndi magazi amene akutayika. Dokotala wong'amba amaona pabala pokha. Amene amaona kuti botolo lokokera magazi ladzadza, nsalu zanyowa zambiri, ndipo mtima wayamba kuthamanga, ndi wakumutu uja. Ndiye amawonjezera diripi, ndiye amaitanitsa magazi ku labu, ndipo ali ndi mphamvu youza dokotala, ngakhale wamkulu bwanji, kuti taimani kaye.

Kuti mumvetse kuti chinsinsi si mankhwala koma munthu wowayang'anira, kumbukirani imfa ya woimba Michael Jackson mu 2009. Anafa ndi propofol, mankhwala omwewa amene amabayidwa kwa anthu miyandamiyanda tsiku lililonse popanda vuto. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anabayidwa kunyumba, popanda zida zoyenera zoyang'anira kapumidwe kake, ndipo dokotala wake, Conrad Murray, anatuluka m'chipindamo. Khoti linamupeza wolakwa mu 2011.

Si opaleshoni iliyonse imene imafuna kukomola munthu. Pa siza, njira yokondedwa ndi jakisoni wa pamsana, amene dokotala wa ku Germany August Bier anayamba kumugwiritsa ntchito mu 1898. Mankhwala pang'ono, kawirikawiri bupivacaine, amathiridwa m'madzi ozungulira mitsempha ya msana, ndipo thupi limachita dzanzi kuyambira pachifuwa kutsika. Mayi amakhala maso, amapuma yekha, amamva kulira koyamba kwa mwana wake. Zimaoneka zophweka, koma jakisoniyu amatsitsa BP mwadzidzidzi, ndipo akakwera kupitirira muyeso amatha kulefula kapumidwe. Kwa mayi amene wataya kale magazi ambiri, jakisoni wa pamsana akhoza kumutsiriza, ndipo pamenepo wogonetsa angasankhe ketamine, amene satsitsa BP kwambiri. Kudziwa kuti uyu ayenera njira iyi, uyo njira ina, ndiye maphunzirowo.

Paja pali mphekesera yakuti jakisoni wa pamsana amasiya msana ukuwawa moyo wonse. Kafukufuku sanapeze zimenezo. Msana wa mayi amene wasenza mimba miyezi isanu ndi inayi, kenako n'kuyamba kubereka mwana kumbuyo, uli ndi zifukwa zake zowawira. Chimene jakisoniyu amayambitsadi mwa anthu ena ndi mutu umene umakula munthu akadzuka n'kuchepa akagona, ndipo umatha patapita masiku.

Nanga lamulo lija lakuti musadye chilichonse? Si nkhanza. Munthu akakomoka, zam'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo, ndipo asidi wa m'mimba amawawotcha. Dokotala wa ku New York Curtis Mendelson anafotokoza vutoli mu 1946 ataliona mwa amayi obereka. Lamulo la masiku ano ndi maola 6 osadya chakudya, maola 2 osamwa madzi. Gadiyani amene wamwetsa wodwala phala mobisa chifukwa cha chisoni anene poyera. Chimodzimodzinso amene wamwa mwanamphepo kapena mankhwala ena achikuda, amene amamwa kachasu tsiku ndi tsiku, amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi BP, ngakhalenso amene m'bale wake anavutikapo atagonetsedwa. Wogonetsa safunsa kuti akuweruzeni, akufuna adziwe mlingo ndi mtundu wa mankhwala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Anamwino anailowa bwanji ntchitoyi

Pa 16 October 1846, ku chipatala cha Massachusetts General mumzinda wa Boston, dokotala wa mano William Morton anapumitsa wodwala mankhwala a ether pamaso pa gulu, ndipo dokotala wong'amba John Collins Warren anachotsa chotupa pakhosi pa munthuyo, wodwalayo osakuwa. Chaka chotsatira, dokotala James Young Simpson wa ku Edinburgh anayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ena ogonetsa otchedwa chloroform. Dziko linasangalala, koma posakhalitsa anthu anayamba kufera patebulo, osati ndi mpeni koma ndi mankhwalawo.

Chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti ntchito yodonthezera ether pakansalu kophimba mphuno inkaonedwa ngati yapansi, yamalipiro ochepa. Ankaipereka kwa wophunzira udokotala aliyense amene ali pafupi, ndipo mnyamatayo maso ake ankakhala pabala, kufuna kuphunzira kung'amba, wodwala uku akusintha mtundu. Madokotala ong'amba ankafuna munthu amene angakhutire ndi kuyang'ana nkhope ndi chifuwa cha wodwala maola atatu osatembenuka. Anamupeza mwa anamwino, ambiri a iwo masisitere a Chikatolika. Amene amatchulidwa ngati woyamba kuitenga ngati ntchito yake yeniyeni ndi Sister Mary Bernard wa pa chipatala cha St. Vincent ku Erie, m'chigawo cha Pennsylvania, mu 1877.

Amene anaikweza ndi Alice Magaw, namwino amene ankagwira ntchito ndi madokotala apachibale a Mayo ku Rochester, m'chigawo cha Minnesota. Magaw sankamuthira munthu ether mokakamiza monga ankachitira ena, wodwala akuphiriphitha anthu atamugwira. Ankadontheza pang'onopang'ono uku akumulankhula modekha, ndipo anaona kuti munthu wodekha amafuna mankhwala ochepa. Mu 1906 anasindikiza lipoti la maopaleshoni oposa 14,000 popanda imfa ngakhale imodzi yochokera ku mankhwala ogonetsa. Panthawiyo kunalibe makina oyezera okosijeni. Zida zake zinali maso, makutu ndi chala pamtsempha. Charles Mayo anamutcha mayi wa ntchito yogonetsa, ndipo madokotala ankachokera kutali kudzaonera namwino akugwira ntchito.

Wina ndi Agatha Hodgins, amene ankagwira ndi dokotala George Crile pa chipatala cha Lakeside ku Cleveland. Anapita ku France pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, komwe anaphunzitsa madokotala ndi anamwino kugonetsa asilikali ovulala, ndipo mu 1931 anayambitsa bungwe la anamwino ogonetsa, limene lero limadziwika kuti AANA. Kuyambira nthawi ya nkhondoyo mpaka pano, anamwinowa ndi amene kawirikawiri amagonetsa asilikali a America pafupi ndi kumene kukumenyedwa nkhondo.

Ntchito itayamba kulemekezeka n'kukhala ndi ndalama, madokotala ena anayamba kunena kuti namwino wogonetsa akuchita udokotala popanda chilolezo. Nkhani inafika kukhoti ku Kentucky mu 1917, pa mlandu wa namwino Margaret Hatfield ndi dokotala Louis Frank, komanso ku California mu 1936, pa mlandu wa Dagmar Nelson. Konseku anamwino anapambana.

Mkangano umene sunathe

Lero munthu safika pa CRNA mwachidule. Amayamba ndi digiri ya unamwino ya zaka zinayi, kenako agwire ntchito chaka chimodzi kapena kuposerapo m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo pambuyo pake aphunzire zaka zina zitatu za kugonetsa. Kuyambira 2025, onse omaliza maphunzirowa amatuluka ndi digiri yaukadaulo ya doctorate. Dokotala wogonetsa amaphunzira zaka pafupifupi 12. Malipiro a namwinoyu amapitirira madola 200,000 pachaka, zimene zimamuika pamwamba pa anamwino onse, komabe amachepa kwambiri poyerekeza ndi a dokotala. Kachipatala kakumudzi ka mabedi 25 sikangakwanitse kulemba dokotala wogonetsa, ndipo ngakhale katakwanitsa, ndi ochepa amene amalola kukakhala kumeneko. Popanda CRNA, fiyeta imatsekedwa, ndipo fiyeta ikatsekedwa, wodi ya amayi oyembekezera imatsatira, chifukwa simungachiritse amayi pamalo pamene siza singatheke.

Mu 1986 boma la America linalola kuti inshuwalansi yake ya Medicare izilipira anamwinowa mwachindunji. Mu 2001 linalola chigawo chilichonse kusankha ngati chikufuna kuchotsa lamulo lakuti namwino azigonetsa moyang'aniridwa ndi dokotala. Iowa inayamba, ndipo pano zigawo zoposa 20 zinatsatira. Bungwe la madokotala ogonetsa, ASA, limatsutsa zimenezi mwamphamvu. Amakangana ngakhale pa dzina: mu 2021 AANA inasintha dzina lake n'kuikamo liwu lakuti Anesthesiology, dzina la luso logonetsa limene madokotala amadzitchulira, madokotala n'kunena kuti liwulo ndi lawo ndipo odwala asokonezeka.

Kodi ndani amagonetsa bwino? Mbali iliyonse ili ndi kafukufuku wake. Mu 2000, Jeffrey Silber ndi anzake anapeza imfa zochulukirapo pamene panalibe dokotala wogonetsa wotsogolera. Mu 2010, Brian Dulisse ndi Jerry Cromwell sanapeze kuti imfa zinachuluka m'zigawo zimene zinachotsa lamulo lija, koma ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku AANA. Akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika zonse mu 2014 ananena kuti umboni ulipowo sukwanira kugamula kuti gulu ili likuposa linzake. Ndipo n'zomveka. Mu 1954, Henry Beecher ndi Donald Todd anapeza kuti munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 1,560 ankafa pa zifukwa zokhudza kugonetsa. Lero m'mayiko olemera imfa zotere n'zosowa kwambiri moti kuyerekeza magulu awiri n'kovuta, ndiponso odwala ovuta kwambiri nthawi zambiri amapita kwa madokotala, choncho mpikisanowo suyambira pamzere umodzi. Ine ndimaona kuti mumkanganowu muli chisamaliro cha odwala ndithu, koma mulinso chikwama.

Mayiko ena anasankha njira zawo. France ndi Sweden ali ndi anamwino ogonetsa amene amagwira limodzi ndi madokotala. Britain kwa nthawi yaitali inasiya ntchitoyi kwa madokotala okha, ndipo anamwino athu amene ali kumeneko amaona kuti m'fiyeta udindo wawo ndi wothandizira. Kenya inayamba kuphunzitsa anamwino ogonetsa pa chipatala cha mishoni cha Kijabe.

Funso lathu ndi lina

Kwa ife, kukangana kuti agonetse namwino kapena dokotala kuli ngati kukangana za mchere ndiwo palibe. Mu 2015, akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet ananena kuti anthu 5 biliyoni padziko lapansi sangapeze opaleshoni ndi kugonetsedwa kotetezeka pamene akufunika kutero. Bungwe la madokotala ogonetsa padziko lonse, WFSA, limafuna kuti pakhale madokotala otere asanu pa anthu 100,000 alionse. Ndi chiwerengero cha anthu a ku Malawi, tikanafunika pafupifupi 1,000. Amene tili nawo ndi ochepa kwambiri, ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu.

Amene amagonetsa ku Nsanje, ku Chitipa kapena ku Mchinji ndi anaesthetic clinical officer. Si namwino m'dzina, pakuti ambiri amayamba ngati ma medical assistant kapena ma clinical officer, koma malo amene waima ndi omwe aja a Alice Magaw: si dokotala, anaphunzira ntchito imodziyi mozama, ndipo nthawi zambiri amakhala yekha. Sukulu yawo inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo amene anaitsogolera ndi dokotala wa ku Britain Paul Fenton, amene anagwira ntchito kuno zaka pafupifupi 15.

Fenton ndi anzake anatisiyira manambala ofunika kuwadziwa. Mu 2003 anasindikiza m'magazini ya zachipatala ya British Medical Journal zotsatira za ma siza 8,070 ochitidwa m'zipatala za m'maboma 23 ndi zipatala zikuluzikulu ziwiri. Amayi 85 anamwalira, ndiye kuti mmodzi pa 100 alionse. Imfa zinali zochuluka pakati pa amene chiberekero chinaphulika, amene anataya magazi ambiri, amene anakomoledwa m'malo mobayidwa pamsana, komanso amene anagonetsedwa ndi munthu wosaphunzira mokwanira. Mfundo yomalizayi ndi imene ikuyankha funso lathu. Chimene chinkasiyanitsa moyo ndi imfa sichinali dzina la udindo, koma ngati munthu wakumutuyo anadutsa m'kalasi kapena anangoonera kwa anzake. Papita zaka zoposa 20 ndipo zambiri zasintha, koma kafukufuku wina wa m'mayiko ambiri a mu Africa amene anatuluka mu 2019 anapeza kuti mayi wochitidwa siza kuno ali pachiopsezo cha imfa chochuluka pafupifupi ka 50 kuposa mnzake wa kudziko lolemera.

Maphunziro okha sakwanira ngati zida palibe. Kachipangizo kopanira chala kamene kamayeza okosijeni m'magazi, kamene maziko ake anatulukira ndi katswiri wa ku Japan Takuo Aoyagi m'zaka za m'ma 1970, kamachenjeza munthu asanayambe kuda milomo. Kwa ife akhungu lakuda kufunika kwake n'kwakukulu, chifukwa kusintha kwa mtundu sikuoneka msanga ndi maso, ngakhale kuti kafukufuku wasonyezanso kuti tina mwa tizipangizoti timaphonya pang'ono pakhungu lakuda. Bungwe la WHO linakaika pa mndandanda wa zofunika kuonetsetsa opaleshoni isanayambe mu 2008, ndipo bungwe la Lifebox, limene linayamba mu 2011, lagawa tambiri m'mayiko osauka kuphatikizapo Malawi. Makina ogonetsera a ku Ulaya amafuna magetsi osazima ndi okosijeni wa m'mapaipi, ndiye chifukwa chake ambiri operekedwa mwaulere amangotuwa ndi fumbi m'makonde. Fenton, atatopa ndi zimenezi, anapanga makina otchedwa Universal Anaesthesia Machine, amene amadzipangira okosijeni kuchokera mumpweya wa m'chipinda. Magetsi akazima amakoka mpweya womwewo, ndipo wogonetsa amapopa ndi dzanja mpaka opaleshoni ithe.

Pali nambala ina mukafukufuku wa 2003 uja imene imandikhalabe m'mutu. Mwa amayi 85 amene anamwalira, 65 sanafere m'fiyeta. Anafera kuwodi, opaleshoni itatha bwinobwino. Mankhwala amakhala asanatheretu m'thupi, chiberekero chimatha kulefuka n'kuyamba kutaya magazi mwakachetechete, wogonetsa wabwerera kale kufiyeta kukalandira siza ina, ndipo namwino wa usiku ali ndi mabedi makumi angapo. Apa ndi pamene maiko okhala ndi anamwino ogonetsa amapindula mwanjira ina: munthu amene anayambira m'chipinda cha odwala mwakayakaya amadziwa kuti maola oyamba pambuyo pa opaleshoni ndi gawo la opaleshoniyo, ndipo sapereka wodwala kuwodi asanaone kuti akupuma yekha bwino, akuyankha akaitanidwa, ndipo BP yakhazikika.

M'zipatala zathu, amene amakhala pambali pa bedi maola amenewo ndi gadiyani. Ngati wodwala akuliza mkonono wachilendo kapena akupuma mwapatalipatali, ngati sakudzuka mukamugwedeza, ngati manja azizira uku akutuluka thukuta, ngati m'maso ndi m'manja mwayera, kapena nsalu zikunyowa magazi mobwerezabwereza, musadikire kuti kuche kapena kuti adokotala abwere kudzazungulira. Pitani mukawaitane anamwino nthawi yomweyo, ndipo ngati atanganidwa, bwererani mukawaitanenso.